Msoti wa Malowolo Umene Sindinautsuke M'kamwa

Uthenga unandipeza m'nthochi, nditawerama, chikwanje chili m'manja, ndikuduladula thunthu la nthochi kuti ng'ombe zanga zidye zofewa. Ndinamva njinga yamoto ikubwera ndi kanjira ka kumunda wa mpunga, koma sindinaweramuke. Msana wanga masiku ano ukawerama umafuna kuunyengerera kuti uwongoke.

"Agogo! Agogo, ikani pansi chikwanjecho, mungadziteme ndi chimwemwe!"

Anali alangizi a ziweto, mayi uja wa majombo oyera amene tinali titamuzolowera ngati mwana wa pakhomo. Sanazimitse n'komwe njingayo.

"Zotsatira za ku labotale zabwera, agogo. Kachilombo ka kuno si ka ku Iponga. N'ka mtundu wina."

Ndinati, nenaninso. Ananenanso. Ndinati, nenani pang'onopang'ono, Chichewa chanu n'chothamanga. Ananena pang'onopang'ono. Ndiye ndinakhala pansi pomwepo, pa makoko a nthochi onyowa, n'kululuta. Mawu anatuluka osasa, opyapyala, ngati a nkhuku yomwe yakhala nthawi yaitali pa mazira. Komabe ndinaluluta. Ndinaluluta mpaka mdzukulu wanga anatuluka m'nyumba khanda lili paphewa, akuganiza kuti ndalumidwa ndi njoka.

Ine sukulu ndinaiona nditakula, ya kwacha, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, ndipo kumeneko ankatiphunzitsa m'Chichewa. Cholembera chimandithawa m'manja, chimafuna kupita kwake. Koma izi ndilemba, zilembo zipendeke zipendeke, chifukwa anthu ayamba kale kuiwala mmene tinatopera.

Mdzukulu wangayu ndi mwana wa malemu mwana wanga wamwamuna. Ndinamulera ndine, kuyambira asanamere mano. Atakula anamuona mnyamata wa ku Iponga, wolima mpunga, wamanyazi, wa makutu aakulu. Kwathu kuno ku Lupembe mkazi sapita chabe, zimabwera ng'ombe. Zinabwera zinayi, zitayenda ndi miyendo yawo, zafumbi, zotopa, ndipo pakati pawo panali msoti wofiira wa mphumi yoyera. Popeza amuna anga anatisiya kale ndipo bambo wa mwana kulibe, amene analandira malowolowo ndi alamu anga, mng'ono wa amuna anga. Iwo anatenga zitatu kupita nazo kukhola kwawo. Msoti anati ukhale kwa ine, wolera.

Mwana anapita ku banja. Mimba itakula anabwerera kuno kuti adzachirire pafupi ndi ine, monga timachitira ndi mwana woyamba. Apo ndi pamene ng'ombe zinayamba kukha dovu.

Zinayamba za anthu a kumtunda, zimene timamwetsa nazo pa dambo limodzi. Kenako za alamu anga. Kenako zanga zakale. Ng'ombe imaima chilili, mutu pansi, dovu likulendewera ngati ulusi mpaka pa nthaka. Ukaitsegula kukamwa upeza matuza pa lilime, ena ataphulika, khungu likusendeka. Pakati pa ziboda zilonda. Ikuyenda ngati ikuponda minga. Udzu ikuuona, ikuufuna, koma singaudye. Ndi matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, amene ndinawaonapo ndili mtsikana, ndipo ndinkaganiza kuti sindidzawaonanso.

Mkaka unauma. Chambiko, mkaka wowawasa uja, chinasowa m'nyumba, ine amene sindinadyepo nthochi zophika popanda chambiko. Ana a ng'ombe ankangogwa, m'mawa ali bwino, masana wagona, wapita. Alamu anga anataya ana a ng'ombe awo onse a chaka chimenecho, ndipo ng'ombe zawo zolima zinatsimphina nthawi yeniyeni yotembenuza munda wa mpunga. Mvula sinadikire. Anthu akuluakulu anagwira makasu, kulowa m'matope, kulima ndi manja minda imene ankalima ndi goli.

Aboma anatseka njira. Ng'ombe isatuluke, ng'ombe isalowe, nyama isagulitsidwe pa msika. Pa msewu anaika chipata, ndipo aliyense wodutsa ankaponda pa chiguduli chonyowa ndi mankhwala.

Ndiye wina anabwera ndi nkhani yoti ku Iponga nakonso ng'ombe zinadwala, ndipo zinayamba kudwala ife tisanaone kanthu. Basi. Nkhani inayenda pa dambo, pa chigayo, pa mjigo. Ng'ombe za malowolo. Zabwera nawo ndi ng'ombe za malowolo. Zinayizo zinali zisanadwale ngakhale imodzi, zikudya bwinobwino pakati pa zinzawo zokha dovu, ndipo anthu anati umboni ndi umenewo: wonyamula katundu wa mwini salemedwa, zatitulira ife.

Alamu anga anabwera m'mawa wina ndikutsuka kukamwa kwa ng'ombe yanga yakuda. Anaima kunja kwa khola, manja kumbuyo.

"Alamu, mwadzuka?"

"Ndadzuka, alamu. Mwaona nokha mmene ndadzukira."

"Anthu aja anadziwa. Anadziwa kuti kwawo kuli matenda, n'kutikankhira ng'ombe msangamsanga njira isanatsekedwe. Amenewo si apongozi. Njira ikangotsegulidwa, ng'ombe zawo zibwerera."

Ndinaleka kutsuka. Kwathu kuno ng'ombe za malowolo zikabwerera, banja latha. Palibe mawu ena ofunika kunena. Mkazi amakhala kwawo, ndipo za mwana wobadwayo zimasanduka mlandu wa akuluakulu.

"Alamu, mwanayu ali ndi pakati."

"Ndikuona. Ndili ndi maso. Nanenso ng'ombe zanga zinali ndi ana."

Tsiku lomwelo anakagula chingwe chatsopano cha buluu kwa mwenye wa golosale, nachipachika pa mtengo wa pakhomo pawo, poonekera, kuti aliyense wodutsa adziwe kuti n'chokokera ng'ombe kubwerera ku Iponga. Chimene chinagwira banja la mdzukulu wanga miyezi imeneyo si ine, si abusa, si ankhoswe. Chinali chipata cha pa msewu chija, ndi chiguduli chake chonunkha.

Mnyamata wa makutu aakulu ankabwera pa njinga yakapalasa, ulendo wonsewo, dzuwa lili pamutu. Alamu anamuletsa kulowa pakhomo. Ankaima pa mtengo wa mango wa m'mbali mwa njira, atanyamula kathumba ka mpunga kapena sopo, ndipo ine ndinkapita kukalandira. Mwamuna wa mdzukulu ndi mwamuna wako, umaseka naye, choncho ndinkayesa kumuseketsa.

"Amuna anga, mwaonda. Kodi mitala yakukanikani? Ine ndi mkazi mnzangayu tonse tikudikira chitenje."

Ankamwetulira pang'ono, maso ali ku nyumba. "Agogo, ndikulumbira, pamene zinkachoka kwathu kunalibe ng'ombe yodwala m'mudzi mwathu. Zinayamba kutsidya, pambuyo pake."

"Ndakumva."

"Nanga alamu anu andimva?"

Ndinkangomupatsa madzi akumwa, iye n'kukwera njinga.

Ntchito ya masiku amenewo sindikudziwa kuti ndiilembe bwanji kuti imveke kulemera kwake. Kudzuka, kutunga madzi, kusungunula mchere, kutcheza chidulo, kufinya mandimu. Kugwira ng'ombe mphuno, kulowetsa dzanja m'kamwa, kutsuka, kutsuka, iyo ikukupiza mutu. Kuwerama, kukweza mwendo, kuchotsa matope pakati pa ziboda, kuthamangitsa ntchentche. Kuphika phala la gaga, kuliziziritsa, kuimwetsa ndi botolo ngati khanda. Kudula thunthu la nthochi tizidutswa ting'onoting'ono. Mawa chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Zala zanga zinang'ambika ndi chidulo, zovala zonse zinkanunkha dovu, ndipo kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo kuti ndisavutitse anzanga. Mudzi wonse unkachita zomwezo, monga anatiphunzitsira makolo.

Alangizi a ziweto anabwera koyamba ndi anzawo awiri, atanyamula kabokosi kozizira ndi timabotolo ta madzi ofiirira. Anazungulira makola, kupala pang'ono pa malilime, kutsekera m'timabotolo. Anati zipita ku labotale ku Lilongwe, ndipo zikafunika zipitirira kunja kwa dziko. Tinadikira. Atabweranso, nkhope yawo inali yogwa.

"Sanapeze kanthu, agogo."

"Sanapeze kanthu? Nanga zikukha dovuzi zikusewera?"

Anakhala pa mtondo wanga wogubuduzika, navula chipewa. Ndi munthu wa kumwera, Chitumbuka chake n'chothyokathyoka, choncho tinkalankhula Chichewa, changa chothyokathyokanso.

"Matenda tikuwadziwa, ndi omwewa. Chimene tikufuna ndi mtundu wa kachilomboko. Mpunga wonse ndi mpunga, eti? Koma kilombero si faya."

"Ameneyo ndi mwana amene sadziwa."

"Kachilombo aka nakonso kali ndi mitundu. Ndi maso simungasiyanitse, dovu ndi lomwelo, kutsimphina n'komweko. Koma katemera wa mtundu wina sateteza ku mtundu wina. Tikabaya wolakwika, tavutitsa ng'ombe pachabe. Ndiye tiyenera kudziwa kaye."

"Nanga bwanji sanaupeze?"

"Zilonda zimene tinapala zinali zakale, zayamba kupola. Ndiponso zonse zinali zotsukidwa. Chidulo ndi mandimu zimaononga kachilombo ka pamwamba pa chilonda, pamene ife timatengapo. M'thupi kamakhalabe, koma m'botolo mumalowa zakufa. Mudzi uno ndinu akhama kwambiri, agogo, mwatitsukira umboni wonse."

Tinaseka tonse awiri, kuseka kwa anthu otopa.

Ndiye ndinafunsa chimene chinali pamtima. Ndinati, kodi ku Iponga anapalako? Anati inde, mnzawo wa kumeneko anapeza matuza atsopano, ndipo mtundu wa kumeneko ukudziwika kale. Ndinati, ndiye mukapeza wa kuno, mudzadziwa ngati ndi umodzi? Nkhani ya chingwe cha buluu anali ataimva, ndani sanaimve.

"Tidzadziwa. Ukakhala wosiyana, ndiye kuti sunachokere kumeneko. Koma ukakhala umodzi, agogo, ndidzanenanso zoona. Sindidzabisa."

Asanakwere njinga anati: "Ikayamba ina, yatsopano, musaikhudze m'kamwa. Mchere ayi, chidulo ayi, ndimu ayi. Mundiimbire foni basi."

Khanda linabadwa m'masiku omwewo, lachimuna, makutu a bambo ake. Bambo akewo analiona koyamba pa mtengo wa mango, ine nditalifunditsa chitenje, ndikuyang'ana uku ndi uku ngati ndaba.

Ndipo yatsopano imene inayamba inali msoti wofiira wa mphumi yoyera.

Ndinaupeza m'mawa utaima pakona ya khola, thupi likutentha, ukutafuna pakamwa popanda kanthu, kadovu koyamba kakulendewera. Ndinautsegula pang'ono. Matuza anali odzaza, osaphulika, oyera ngati maso a nsomba yophika. Mdzukulu wanga anaimba foni. Alangizi anali kutali, kupitirira Mwenilondo, kumene kunagwanso zina, ndipo anati afika mawa lake.

Tsiku limenelo ndilo linanditopetsa kuposa onse, tsiku limene sindinagwire ntchito. Madzi a mchere anali m'beseni, nditasungunula kale chifukwa cha zinzake. Msoti unkandiyang'ana. Unali utaona mmene ndinkasamalira zina zonse, ndipo unkabwera pafupi, kundigunda ndi mphuno yotentha. Ine manja ndapinda.

Mdzukulu wanga anabwera kudzaima pambali panga, khanda lili kubere.

"Agogo, nanga akakapeza kuti ndi wa ku Iponga?"

"Ndiye wa ku Iponga."

"Ndiye mwawapatsa nokha agogo aamuna, alamu anuwo, chokokera ng'ombe." Anasinthira khanda ku bere lina. "Mukanangoutsuka. Palibe angadziwe. Adzati sanapezenso kanthu."

Sindinama, ndinaliyang'ana beseni lija. Koma ndinaganiza: akapanda kupeza kanthu, chotsala n'chiyani? Chotsala ndi mawu a pa chigayo ndi chingwe cha buluu. Amenewo safuna labotale, anagamula kale. Ndinatenga beseni n'kukhuthulira madzi onse pa nthaka, kuti manja anga asandipereke.

Masana alamu anga anadutsa, naona.

"Ehe, yayamba ya alendo. Ndipo simukuitsuka. Mukufuna ng'ombeyi ife msanga, alamu, kuti nkhani ife nayo?"

"Ndikudikira adokotala."

"Adokotala a timabotolo? Aja anapala mudzi wonse n'kubwera ndi manja?"

"Omwewo."

"Ng'ombe ikuvutika inu mukuyang'ana. Akanakhala moyo akulu anga..."

"Akanakhala moyo akulu anu, bwenzi chingwe chija chikumanga nkhuni."

Anachoka osatsanzika. Ndinakhala pa khola mpaka dzuwa linapendeka, ndikuuimbira msoti tinyimbo topanda mutu, tongopeka pomwepo: pirira mwana wa eni, pirira wofiira wanga, mawa ndikutsuka, mawa ndikuphikira. Unkangokha dovu. Ndinaupatsa madzi okhaokha.

Alangizi anafika m'mawa, matope mpaka m'mawondo. Amuna awiri a pafupi anagwira nyanga. Iwo anavala magolovesi, nakoka lilime, nadula kakhungu ka pa thuza limene linali litangophulika, kakang'ono ngati chikhadabo, nakaponya m'kabotolo, kabotolo m'bokosi lozizira. Anati, "Aka ndiye kabwino." Anapalanso ina mwa zitatu za kwa alamu, imene inayamba tsiku lomwelo, mkazi wawo atawakaniza kuitsuka. Akuvula magolovesi, analankhula mokweza kuti onse amve:

"Ng'ombe imene yadwalapo mtundu wina posachedwa sikawirikawiri kudwalanso mtundu womwewo. Izi zikudwala lero, pambuyo pa zonse. Ine ndikuona ngati zaupeza kuno. Koma tisatsogole, tidikire."

Alamu anati, "Tidikire," mawu ake ngati akulavula.

Njinga isanafike n'komwe pa msewu, dzanja langa linali kale m'kamwa mwa msoti, ndi madzi a mchere ofunda. Ndinautsuka ndikupepesa.

Kudikira kwachiwiri kunatalika. Mpunga umene tinaokera mochedwa unakula mofooka. Msoti unaonda mpaka nthiti kuwerengeka, chiboda chimodzi chinatsala pang'ono kuvuka, kenako pang'onopang'ono unayamba kubudula udzu wanthete. Khanda linayamba kumwetulira. Chingwe cha buluu chinayamba kuchucha mtundu ndi dzuwa pa mtengo paja. Ndinkati ndikamva njinga yamoto iliyonse mtima unkathamanga, kenako ndinatopa nako kuthamangako, ndinaleka kuweramuka. N'chifukwa chake tsiku la uthenga linandipeza nditawerama.

Titachoka m'nthochi muja, alangizi anapita okha kwa alamu anga, ine ndikutsatira m'mbuyo ndi ndodo. Anawafotokozera monga anandifotokozera ine, za kilombero ndi faya. Alamu anamvetsera, maso ali pansi.

"Ndiye unachokera kuti?"

"Sitikudziwa bwinobwino, bambo. Ukufanana ndi umene unaonekapo m'madera ena kutali ndi kuno. Ungabwere ndi ng'ombe yodutsa, ndi matayala a galimoto, ngakhale ndi nsapato za munthu. Chimene tikudziwa n'chakuti si wa ku Iponga. Ndipo tsopano tikudziwa katemera woyenera kuitanitsa."

"Ana a ng'ombe anga abwerera?"

"Ayi, bambo."

"Ayi," anatero alamu, akugwedeza mutu. Ndinawaona kuti akalamba chaka chimenechi, khosi lawo lalowa m'malaya. Munthu anali atagwira mkwiyo ngati ndodo yoyendera, ndipo tsopano amulanda. Sindinawanene kanthu. Ndinalibe mphamvu, ndiponso ndinawamvera chisoni.

Sanapepese. Alamu anga sapepesa, ngakhale akulu awo anali otero. Anangoti, "Muuzeni mnyamata uja kuti pa mango si pakhomo."

Njira inakhalabe yotseka mpaka katemera atabwera n'kubayidwa, ndipo chambiko sichinabwerere msanga. Minda ina inagona chaka chimenecho. Koma Loweruka lotsatira tinaphika mbalagha, nthochi zophika pamodzi ndi nsomba, popeza nyama ya ng'ombe inali yoletsedwabe, ndipo ndinavina. Ndinavina pang'ono, mawondo anakana, ndinavinira pa mpando, mapewa okha ndi mawu. Ndinaimba kuti wofiira wanga wakhala, wakhala, mphumi yoyera yakhala, mwana wanga abwerera ku banja ndi mwana kumsana.

Anabwera mnyamata wa makutu aakulu, nalowa pakhomo ndi miyendo yake, nakhala pa mkeka, nanyamula mwana wake mpaka dzanja linachita dzanzi. Anabwera mayi ake a mnyamatayo kuchokera ku Iponga, akuti ndagha, ndagha, kuthokoza kwa kwawoko, misozi ili m'maso, ataponda chiguduli cha pa chipata ndi nsapato zawo za kutchalitchi. Anabwera ankhoswe a mbali zonse ziwiri, amene anali atasowa miyezi yonseyi, ndipo anadya kwambiri. Anabwera mchemwali wanga wa ku Mwenilondo ndi usipa m'lichero. Anabwera amayi a chigwirizano, ndi mnzanga wa sukulu ya kwacha amene amandibwereka magalasi. Anabwera amuna awiri aja ogwira nyanga. Anabwera amayi a pa chigayo, omwe aja a nkhani, naluluta kuposa ine, ndipo ndinawapatsa mbale. Anabwera mwenye wa golosale ndi paketi ya shuga. Anabwera alangizi a ziweto, opanda majombo, atavala chitenje, mwakuti ena sanawazindikire. Anabwera mkazi wa alamu anga, amene anakaniza kutsuka ng'ombe ija. Ndipo pomalizira, anthu atayamba kale kudya, anabwera alamu anga eni ake, chingwe cha buluu chili m'manja, nachimanga kuchokera pa mtengo wa papaya kufika pa nsanamira ya khonde, nakoka kuti chilimbe, nauza mdzukulu wanga kuti matewera a mwana asamayanikidwenso pa udzu.